Ali, Tyson kapena Usyk: wamkulu pa nkhonya za olemera kwambiri ndani?

Wowerenga wina wa ku Luchenza walemba motere: "Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo pali nkhani imene yatidanitsa ndi amalume anga. Iwo amati palibe wankhonya amene anaposa Muhammad Ali. Ine ndimati Mike Tyson akanawagwetsa onse m'ndime yoyamba. Mng'ono wanga wa zaka 16 amati tonse tikukamba zakale, mfumu ndi Oleksandr Usyk. Lamlungu lina tinakangana mpaka ndinawayankha amalume mawu osayenera pamaso pa anthu, ndipo kuyambira tsikulo sakundilankhula. Mng'ono wangayo nayenso wayamba kumenyana ndi anzake kuseri kwa sukulu popanda magolovesi, ati akuphunzira nkhonya. Tiuzeni zoona, wamkulu ndani? Nanga ndichite chiyani?"

Achimwene, poyamba khazikani mtima pansi. Mkangano umene wabuka pakhomo panuwo si wachilendo, ndipo sukusonyeza kuti ubale wanu ndi amalume watha. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuphunzitsa anyamata nkhonya kuno ku Mulanje, ndaumva mkanganowu pansi pa mtengo wa mango umene timapachikapo thumba la mchenga, ndaumva m'minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Muloza, ndaumvanso pa siwa amuna akuotha moto pakati pa usiku. Ngakhale akatswiri amene amalemba mbiri ya masewerawa sanagwirizanepo chimodzi. Koma popeza mwandifunsa maganizo anga, sindizemba: kwa ine wamkulu ndi Muhammad Ali. Musafulumire kukhumudwa, chifukwa pali mfundo zina zimene inu mukulondola, ndipo ndizitchula.

Chimene chikukulepheretsani kumvana n'chakuti aliyense wa inu atatu akuyankha funso lakelake, ngakhale mawu amene mukugwiritsa ntchito ndi amodzi. Inu mukufunsa kuti ndani anali woopsa kwambiri pa tsiku limene anali pachimake pa mphamvu zake. Amalume akufunsa kuti ndani anagonjetsa adani olimba kwambiri pa moyo wake wonse wa nkhonya. Mng'ono wanu akungoyang'ana amene ali pamwamba m'masiku ake. Palinso nkhani ya mmene aliyense anadziwira ngwazi yake. Dziko lathu linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, choncho anthu a msinkhu wa amalume anamudziwa Ali kudzera pa wailesi, m'nyuzipepala ndiponso m'nkhani za anthu obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anzanu a msinkhu wanu anamuona Tyson pa matepi m'tinyumba toonetsera kanema, jenereta ikulira kuseri, ndipo matepi amenewo nthawi zambiri ankaonetsa anthu akugwa basi, wina pambuyo pa mnzake. Munthu amakakamira ngwazi imene inamugwira mtima ali mnyamata, moti mukanyoza Ali, amalume amamva ngati mwanyoza unyamata wawo.

Tiyambe ndi munthu wanuyo, chifukwa simukumukonda pachabe. Pa 22 Novembala 1986 Tyson anagwetsa Trevor Berbick m'ndime yachiwiri n'kutenga lamba wa ukatswiri wa dziko lonse wa bungwe la nkhonya la WBC ali ndi zaka 20, ndipo palibe wina amene anatengapo lamba wa olemera kwambiri ali wamng'ono chotero. Mu 1987 anasonkhanitsa malamba onse atatu amene anali ndi dzina nthawi imeneyo, a mabungwe a WBC, WBA ndi IBF, ndipo mu Juni 1988 anathana ndi Michael Spinks, munthu amene anali asanagonjepo, m'masekondi 91 okha. Chimene ambiri saona akamaonera matepi aja ndi mutu ndi miyendo yake. Tyson anali wamfupi, mamita 1.78, ndipo mphunzitsi wake Cus D'Amato anamuumba kuti aziyenda manja ali m'masaya, mutu ukupendekera uku ndi uku, kotero kuti chibakera cha mdani wamtali chinkadutsa pamwamba pa phewa iye atalowa kale mkati. Mphamvu imene inkagwetsa anthu inkachokera m'miyendo ndi m'chiuno. Pa zaka zitatu zimenezo sindikhulupirira kuti analipo munthu padziko amene akanalowa naye m'bwalo wopanda mantha, ndipo pamenepo mukunena zoona.

Koma wankhonya ine ndimamuyesa pa tsiku limene zinthu zamuvuta. D'Amato anamwalira mu 1985, ndipo mu 1988 Tyson anasiyana ndi Kevin Rooney, amene ankapitiriza maphunziro a mkuluyo. Kuyambira pamenepo mutu uja unayamba kuima malo amodzi. Mu Febuluwale 1990 ku Tokyo anakumana ndi Buster Douglas, munthu wamtali amene palibe ankamuwerengera, ndipo Douglas anangomusunga patali ndi dzanja lamanzere lotsogola, ndime ndi ndime, mpaka diso la Tyson linatupa. Tyson anamugwetsa m'ndime ya 8, koma Douglas anadzuka, ndipo m'ndime ya 10 amene anali pansi akufufuza chotchingira mano chake anali Tyson. Kenako anakhala m'ndende kuyambira 1992 mpaka 1995 atapezeka wolakwa pa mlandu wogwiririra mkazi. Atatuluka anagonja kwa Evander Holyfield m'ndime ya 11 mu 1996, anachotsedwa m'bwalo mu 1997 atamuluma khutu Holyfield yemweyo, ndipo mu 2002 ku Memphis Lennox Lewis anamugwetsa m'ndime ya 8. Mudzanena kuti pa nthawiyo anali atatha kale, ndipo pa nkhonya ya Lewis ndikuvomereza. Komabe kumbukirani kuti Holyfield anali wamkulu kwa Tyson ndi zaka pafupifupi zinayi, ndiponso kuti Larry Holmes, dzina lalikulu limene Tyson anagwetsa mu 1988, anali ndi zaka 38. Mfundo imene imandilemera kwambiri ndi iyi: Tyson sanapambanepo nkhonya imene iye anagwetsedwa, ndipo sanabwezerepo kwa aliyense amene anamugonjetsa. Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ndimamva chisoni ndikaganiza za zimene mnyamata ameneyu akanafika nazo akanakhalabe ndi anthu omuwongolera.

Tsopano taonani njira imene Ali anayenda. Anatenga lamba mu 1964 ali ndi zaka 22 pogonjetsa Sonny Liston, amene pa nthawiyo anthu ankamuopa mofanana ndi mmene anadzaopera Tyson. Mu 1967 analandidwa lamba chifukwa chokana kulowa usilikali pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo anakhala zaka zitatu ndi theka osalowa m'bwalo, kuyambira ali ndi zaka 25 mpaka 28, zimene ndi zaka zokoma kwambiri za wankhonya aliyense. Atabwerera mu 1970 miyendo yake sinalinso yothamanga ngati kale. Mu Malichi 1971 ku New York Joe Frazier anamugwetsa m'ndime ya 15 ndi chibakera chokhota cha kumanzere chimene chikanagonetsa ng'ombe, koma Ali anadzuka n'kumaliza nkhonyayo, ngakhale anagonja pa mapointi. Mu 1973 Ken Norton anamuthyola nsagwada, iye n'kupitirizabe mpaka ndime zonse 12 zinatha. Anthu awiri onsewa anadzawagonjetsa pa nkhonya zachibwereza.

Nkhonya imene amalume anu amaikumbukira kwambiri, ndikukhulupirira, ndi ya ku Kinshasa pa 30 Okutobala 1974, imene inayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kuti anthu a ku America aionere madzulo. George Foreman anali ndi zaka 25, atapambana nkhonya 40 popanda kugonja, ndipo 37 mwa izo anamaliza nthawi isanakwane. Ali anali ndi zaka 32. Anayamba ndi kuvina monga mwa chizolowezi chake, koma atazindikira kuti Foreman akumutsekera njira ndipo miyendo siimufikitsa kumapeto, anasintha nzeru nkhonya ili mkati. Anatsamira pa zingwe, anabisa mutu m'mikono, anamusiya Foreman kuti amenye nthiti ndi mikono mpaka atope, iye akumubwezera zibakera zolunjika kumaso nthawi ndi nthawi, ndipo m'ndime ya 8 anatuluka pa zingwe paja n'kumugwetsa. Mphunzitsi aliyense akuuzani kuti chinthu chovuta kwambiri kuphunzitsa ndi chimenechi, kuti munthu aganize bwinobwino pamene akumva ululu. Chaka chotsatira ku Manila anamenyana ndi Frazier kachitatu m'kutentha koopsa, mpaka mphunzitsi wa Frazier, Eddie Futch, anakana kuti munthu wake alowe m'ndime ya 15 chifukwa maso ake sankaonanso.

Anthu anayi amenewa akutiphunzitsanso chifukwa chake funso lakuti "akanamenyana akanapambana ndani" silitha kuyankhidwa ndi masamu. Frazier anagonjetsa Ali, koma Foreman anamugwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'ndime ziwiri zokha ku Kingston mu 1973. Norton anagonjetsa Ali, koma Foreman anathana naye m'ndime ziwiri ku Caracas mu 1974. Mwa masamu, Ali sanayenere kutuluka wamoyo ku Kinshasa, koma ndi iye amene anapambana. Kamenyedwe ka munthu mmodzi kamavuta mdani wina n'kuphwekera mdani winanso. Apa ndikupatsani mfundo yoti mukawauze amalume mwaulemu: mtundu wa wankhonya amene ankamuvutitsa Ali unali wa munthu wamfupi, wolowa mkati, wa chibakera chokhota cha kumanzere. Frazier anali wotero, ndipo Henry Cooper anamugwetsa Ali mu 1963 ndi chibakera chomwecho. Tyson wa 1988 anali wa mtundu umenewo, choncho ndime zisanu zoyambirira zikanakhala zoopsa kwa Ali. Koma Ali ankadzuka akagwa, ndipo Tyson ankafooka mtima mdani akakana kugwa. Nkhonyayo ikanadutsa ndime ya 6, ine ndikuona Ali akupambana.

Poyerekeza mibadwo muzikumbukiranso kuti masewerawa anasintha. Kale nkhonya zolimbirana lamba zinali za ndime 15, ndipo zinatsitsidwa kufika pa 12 m'zaka za m'ma 1980, pambuyo pa imfa ya wankhonya Duk Koo Kim, amene anamwalira atavulala m'bwalo mu 1982. Matupi nawo anakula. Rocky Marciano, amene anasiya nkhonya atapambana 49 popanda kugonja n'kamodzi komwe, ankalemera makilogalamu pafupifupi 85, moti lero sakanaikidwa n'komwe m'gulu la olemera kwambiri, limene limayambira pamwamba pa makilogalamu 90.7. Ngati pali munthu amene angalimbane ndi Ali pa mpando woyamba, kwa ine ndi Joe Louis, amene anasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949 n'kumuteteza maulendo 25, ndipo atagonja kwa Max Schmeling mu 1936 anadzamumaliza m'ndime yoyamba mu 1938. Anyamata anga ndikafuna kuwaonetsa chibakera chachifupi choponyedwa mopanda kutaya mphamvu, ndimawaonetsa zithunzi zakale za Louis. Ndimamuika wachiwiri chifukwa adani ake, ngakhale anali ambiri, sanafike pa msinkhu wa Liston, Frazier ndi Foreman.

Lennox Lewis amaiwalika m'mikangano yathu ya pamsika, mwina chifukwa sankalankhula mokweza, koma anagonjetsa Holyfield mu 1999, Tyson mu 2002 ndi Vitali Klitschko mu 2003. Anagonja kawiri kokha, kwa Oliver McCall mu 1994 ndi kwa Hasim Rahman mu Epulo 2001 pafupi ndi Johannesburg, ndipo onse awiri anawabwezera. Kugwa kwake kwa ku South Africa kuja, pamodzi ndi kwa Tyson ku Tokyo ndi kwa Anthony Joshua m'manja mwa Andy Ruiz mu 2019, kuzikhala chenjezo kwa amene amabetcha ndalama za malipiro awo pa nkhonya za olemera, chifukwa m'gulu limeneli chibakera chimodzi chimafafaniza zonse zimene akatswiri analosera.

Mng'ono wanu musamupeputse, chifukwa maso ake akuona bwino. Usyk anatenga mendulo ya golide pa masewera a Olympic ku London mu 2012, anasonkhanitsa malamba onse anayi m'gulu lotsatana ndi la olemera kwambiri mu 2018, kenako anakwera n'kugonjetsa Joshua kawiri, mu 2021 ndi 2022. Pa 18 Meyi 2024 ku Riyadh anagonjetsa Tyson Fury (osati Mike Tyson), munthu wa mamita oposa awiri amene anamuposa kulemera ndi makilogalamu pafupifupi 18, ndipo anakhala woyamba kugwira malamba onse a olemera kuchokera pa nthawi ya Lewis. Anamugonjetsanso Fury mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu Julayi 2025 anagwetsa Daniel Dubois m'ndime yachisanu pa bwalo la Wembley ku London. Usyk ndi wamanzere, sapuma kuyenda, amatopetsa ziphona ndi miyendo, ndipo amakula mphamvu nkhonya ikamapita kumapeto. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti msinkhu ndi kulemera kwake n'zofanana kwambiri ndi za Ali, choncho wathetsa bodza lakuti ngwazi zakale sizikanalimba pamaso pa ziphona za lero. Chimene chimandiletsa kumuika pamwamba pa onse ndi kuchepa kwa ulendo wake m'gululi, chifukwa pofika Julayi 2025 anali atamenyamo nkhonya 8 zokha, pamene Ali anakhala pakati pa olemera zaka zoposa 20. Masiku ano ngwazi zimamenya kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo kuchuluka kwa mabungwe opereka malamba kumachititsa kuti amphamvu azizembana kwa zaka.

Tibwere ku nkhani ya amalume, imene kwa ine ndi yofunika kuposa malamba onsewa. Kwathu kuno malume ndi mwinimbumba, ndipo ndi iwo amene adzakuimirirani pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Cholakwa chanu si kukonda Tyson ayi, koma kuwayankha mwachipongwe pagulu. Pitani kwawo nokha, nthawi imene palibe anthu, mukhale pansi ndi kupepesa chifukwa cha mawuwo, popanda kuwonjezera kuti "koma nanunso". Simukufunika kusintha maganizo anu pa nkhonya kuti kupepesako kukhale koona. Mtima wawo ukatsika, tsiku lina mutenge foni yanu muwapemphe kuti muonere limodzi nkhonya ya ku Kinshasa yonse, kuyambira belu loyamba, ndipo muwafunse mmene iwo anaimvera nkhaniyo pa nthawiyo. N'kutheka kuti aka kadzakhala koyamba kuti aione ndi maso awo. Pambuyo pake muwaonetse Tyson ndi Spinks. Akakana kukulandirani kawiri kapena katatu, musalimbane nawo; pemphani mayi anu, amene ndi mlongo wawo, kapena agogo kuti akutsogolereni.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mng'ono wanuyo. Zimene akuchita kuseri kwa sukulu si kuphunzira nkhonya, ndipo muziletse lero lomwe. Chaka china kunabwera mnyamata wina kwa ine amene ankadziwa kutsanzira Tyson bwino kwambiri, manja m'masaya, kulowa mothamanga, koma sankadziwa kupendeketsa mutu. Ndisanamulole kukhudza mnzake, iye anapita kukayeserera ndi anyamata ena kudambo popanda magolovesi, ndipo anagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo pansi pouma. Anadzuka akuseka, koma usiku anayamba kusanza ndi kulankhula zosamveka. Mayi ake anachita bwino kuthamangira naye kuchipatala usiku womwewo, ndipo anachira. Ndimakumbukirabe mmene mayiwo ananjenjemerera pondiuza nkhaniyi m'mawa mwake, chitenje chili chonyowa ndi mame. Ali weniweniyo anapitiriza kumenya thupi litatopa kale, anazunzika m'manja mwa Holmes mu 1980, ndipo mu 1984 anapezeka ndi matenda a Parkinson, onjenjemeretsa thupi, amene anakhala nawo mpaka imfa yake mu 2016. Ubongo suphunzira kupirira zibakera monga mmene mnofu umaphunzirira kunyamula katundu.

Ngati mnyamatayo ali ndi chidwi chenicheni, musachizimitse. Mufunse kwa mphunzitsi wa zamasewera pasukulu pake kapena ku ofesi ya zamasewera kuboma kuti akulozereni kalabu imene ili ndi mphunzitsi wodziwika, magolovesi, zotchingira mano ndi zoteteza kumutu. Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kuthamanga, kulumpha chingwe, kaimidwe ndi kudziteteza kwa miyezi ingapo asanalole mwana kumenyana ndi mnzake, ndipo amaphatikiza ana ofanana msinkhu ndi kulemera. Mumuuze za Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre, amene anafika pomenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 n'kumaliza ndime zonse 12 ndi munthu amene ankagwetsa pafupifupi aliyense. Chimene chinamufikitsa kumeneko ndi luso lozemba zibakera, lomwenso ndi luso la Usyk amene iye amamukonda.

Pakadali pano mufunseni mofatsa ngati anamenyedwapo m'mutu mpaka kuona mdima kapena kuiwala zimene zinachitika. Munthu amene wakomoka ndi chibakera sayenera kumenyanso kwa masiku osachepera 30, ndipo ayambe waonedwa ndi dokotala. Mukaona kuti akusanza, mutu ukumupweteka osaleka, akugona tulo tosadzutsika, akusokonezeka polankhula, akuona zinthu ziwiriziwiri, akugwa khunyu, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi, musamupatse mankhwala a mutu n'kumugoneka. Mupite naye ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukawauze achipatala mosabisa kuti anamenyedwa m'mutu, ndi nthawi imene zinachitikira, kuti ngati pakufunika kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre amutumize msanga.